Shortcode yasokonekera theme itapanga update: muyambire pati?

Funso

Akatswiri, ndine mnyamata amene ndangoyamba kumene kupanga mawebusaiti pa WordPress. Ndinalemba shortcode yangayanga (mawu a m'mabulaketi amene WordPress imawachotsa n'kuikapo zinthu zina), [zochitika], mu fayilo ya functions.php ya theme (imene imapatsa webusaiti maonekedwe) kuti izionetsa mndandanda wa misonkhano imene ikubwera, ndipo inkagwira bwinobwino. Theme itapanga update, pa tsamba panayamba kuoneka mawu enieniwo akuti [zochitika], mabulaketi ali pomwepo. Ndinalembanso code ija mongokumbukira. Pano mndandanda ukutuluka, koma ukukakhala pamwamba pa nkhani yonse, osati pamene ndinauika. Ndikati ndisunge tsambalo, pakubwera uthenga wakuti "Updating failed. The response is not a valid JSON response." Chinanso, ndikalemba kuti ioneke misonkhano itatu yokha, ikubwera yambirimbiri. Ndalakwitsa pati?

Yankho

Achimwene, zikomo pofotokoza zonse mwadongosolo chonchi. Zizindikiro mwatchulazi zandiuza zambiri ndisanaone n'komwe code yanu. Mavuto anu alipo atatu, ndipo sakuchokera pamalo amodzi. Ubwino wake, shortcode sibisa pamene yadwala: zimene mukuona pa tsambazo n'zomwe zikuloza pomwe yaimira. Mungofunika kudziwa njira imene imadutsa.

Ma shortcode analowa mu WordPress mu 2008, pa version 2.5, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. WordPress imakhala ndi kaundula wa mayina. Mukalemba `add_shortcode`, ndiye kuti mwalembetsa dzina m'kaundulamo n'kutchula function yoti iziitanidwa dzinalo likapezeka. Mu database simulowa mndandanda wa misonkhano ayi, mumangokhala mawu akuti [zochitika] basi. Munthu akatsegula tsamba m'pamene nkhani imadutsa m'masefa angapo a `the_content`. Imodzi mwa masefawo, `do_shortcode`, imafufuza mabulaketi, n'kuona ngati dzina lili m'kaundula, n'kuitana function yanu, kenako imachotsa mabulaketiwo n'kuikapo chimene function yabweza. Ndiye kuti dzina liyenera kulembetsedwa, nkhani iyenera kudutsa pa `do_shortcode`, ndipo function iyenera kubweza kanthu. Chimodzi mwa izi chikalephereka, chizindikiro chake chimakhala chakechake.

Mabulaketi akamaoneka osasinthika, dziwani kuti function yanu sinaitanidwe n'komwe, ndipo musavutike kufufuza cholakwika m'kati mwake. Mwina dzina mulibe m'kaundula, kapena nkhani sinadutse pa sefa ija. Kwa inu chinachitika n'choyambachi. Theme ikamapanga update, WordPress siyang'ana kuti ndi mizere iti imene mwini wake anawonjezera. Imachotsa foda yonse ya theme n'kuikapo yatsopano, ndipo functions.php yanu inapitira limodzi ndi foda yakaleyo. Ngati kampani imene imakusungirani webusaiti imasunga ma backup, apempheni backup ya tsiku limene update inali isanachitike. Code yanu yoyamba ija, imene inkagwira bwino, ili mmenemo.

Koma mukaibwezera pamalo omwewo, update yotsatira idzaisesanso. Ambiri akuuzani kuti pangani child theme, theme yaing'ono imene imatengera zonse ku theme yaikulu, ndipo sakunama: zolembedwa mu child theme sizifufutika theme yaikulu ikapanga update. Komabe ine ndimakana kuika shortcode mu theme iliyonse, kaya yaikulu kaya child. Theme ndi chovala cha webusaiti, ndipo chovala chimasinthidwa. Shortcode nayo imakhala italowerera m'nkhani zimene anthu analemba, ndipo nkhanizo zimakhalapobe ngakhale chovala chitasinthidwa kangati. Ndinaitanidwapo kukakonza webusaiti ya bungwe lina limene linangofuna maonekedwe atsopano. Atasintha theme, masamba awo akale onse anadzaza mabulaketi, ndipo ntchito imene anthu anailemba kwa zaka inaoneka ngati yosweka. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa sikunali kulakwa kwa olembawo. N'chifukwa chakenso malamulo a ma theme amene amalandiridwa pa WordPress.org salola theme kulembetsa ma shortcode. Ntchito imeneyi amati ndi ya plugin.

Musaope mawu akuti plugin. Ndi fayilo imodzi yokha ya PHP, yokhala ndi dzina pamwamba, imene mumaiika mu foda ya wp-content/plugins n'kukaiyatsa pa Plugins. Yanu ingathe kuoneka chonchi:

```php
<?php
/*
Plugin Name: Zochitika Zathu
*/

function zth_onetsa_zochitika( $atts ) {
    $atts = shortcode_atts( array( 'chiwerengero' => 5 ), $atts, 'zochitika' );

    $funso = new WP_Query( array(
        'post_type'      => 'msonkhano',
        'posts_per_page' => absint( $atts['chiwerengero'] ),
    ) );

    if ( ! $funso->have_posts() ) {
        return '<p>Palibe msonkhano umene wakonzedwa.</p>';
    }

    $zotuluka = '<ul class="zochitika">';
    while ( $funso->have_posts() ) {
        $funso->the_post();
        $zotuluka .= '<li><a href="' . esc_url( get_permalink() ) . '">'
            . esc_html( get_the_title() ) . '</a></li>';
    }
    wp_reset_postdata();

    return $zotuluka . '</ul>';
}

add_action( 'init', function () {
    add_shortcode( 'zochitika', 'zth_onetsa_zochitika' );
} );
```

Pamene ndalemba 'msonkhano' muikepo post type (dzina la mtundu wa nkhani) imene mukugwiritsa ntchito, ndipo kasanjidwe ka masiku muwonjezere monga munachitira poyamba. Musanayatse plugin imeneyi, chotsani kaye code yonse ya shortcode imene ili mu functions.php. Function ya dzina limodzi ikapezeka kawiri, PHP imaima n'kunena kuti "Cannot redeclare", ndipo plugin imakana kuyaka, kapena webusaiti yonse imagwa. Ngakhale mayina a ma function atasiyana, shortcode ya dzina limodzi ikalembetsedwa kawiri, imene yalembetsedwa pomaliza ndiyo imagwira, ndipo WordPress sikuchenjezani. Mukhoza kutha tsiku lonse mukukonza code imene sikuitanidwa n'komwe.

Tsopano tifike pa vuto lachiwiri, limene ndikufuna mulimvetse bwino kuposa enawa, chifukwa lidzakupezaninso.

Ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti mu code imene munalemba mongokumbukirayo muli mawu akuti `echo` pamene poyamba panali `return`. Kusiyana kwake n'kotere. `return` ili ngati kupereka kalata m'manja mwa amene wakutumani kuti akaiike pamalo ake. `echo` ili ngati kuiwerenga mokweza pomwepo, asanakonzeke kumva. Kumbukirani kuti pamene function yanu ikuitanidwa, WordPress imakhala ikadali kukonza nkhani yonse m'kati, isanatumize ngakhale chiganizo chimodzi cha nkhaniyo kwa wowerenga. Mukachita `echo`, mndandanda wanu umatuluka nthawi yomweyo, patsogolo pa nkhani. Nkhani imabwera pambuyo pake, ndipo pamene panali mabulaketi pamakhala popanda kanthu poti function sinabweze chilichonse. Ndiye mndandanda sunakwere pamwamba ayi. Unangofulumira kutuluka.

Uthenga wa JSON uja ukuchokera pomwepa. Kuyambira pa WordPress 5.0, ya mu December 2018, editor ya ma block imasunga tsamba kudzera pa REST API, njira imene imalankhulirana ndi seva. Mukadina batani losungira, editor imatumiza nkhani ku seva n'kudikira yankho lolembedwa mu JSON yokhayokha, kalembedwe kamene mapulogalamu amatumizirana uthenga. Pokonza yankholo, seva imadutsitsanso nkhani m'masefa aja, function yanu imaitanidwa, ndipo `echo` imathira HTML patsogolo pa JSON. Editor ikalandira zosakanikirazo imalephera kuziwerenga, n'kunena kuti kusunga kwalephereka. Nthawi zambiri tsamba limakhala litasungidwa kale, chimene chawonongeka ndi yankho lokha. Mukachotsa `echo`, mavuto awiriwa atha pamodzi.

Chosautsa n'chakuti `echo` imabisala. Mukhoza kufufuza fayilo yonse osaapeza mawuwo, koma vuto lilipobe. Ma function a WordPress oyamba ndi `the_`, monga `the_title` ndi `the_permalink`, amachita `echo` m'kati mwawo, pamene anzawo oyamba ndi `get_`, monga `get_the_title` ndi `get_permalink`, amabweza. Onaninso code yanga ija, mupeza kuti ndagwiritsa ntchito a `get_`. Nayonso `get_template_part`, ngakhale dzina lake likuyamba ndi `get_`, imatulutsa zinthu pomwepo. Chimodzimodzi mukatseka PHP ndi `?>` n'kuyamba kulemba HTML pakati pa function: ndi `echo` yomweyo.

Ngati HTML yanu ndi yaitali moti kuilumikiza mzere ndi mzere n'kotopetsa, pali njira yovomerezeka. Lembani `ob_start();` musanayambe kutulutsa kanthu, ndipo pamapeto pa function lembani `return ob_get_clean();`. Zonse zotuluka pakati pa mizere iwiriyi PHP imazigwira kaye ngati madzi m'ndowa, kenako n'kuzibweza pamodzi. Samalani pamodzi pokha: ngati pakati pakepo pali `return` ina, monga ya "palibe msonkhano" ija, ndowa imatsala yosatsekedwa. Ikani `ob_start` pansi pa `return` yoteroyo.

Mzere wa `wp_reset_postdata` musausiye. Mukayenda m'misonkhano ndi `the_post`, WordPress imayamba kuyesa kuti tsamba limene ikuonetsa ndi msonkhano womalizawo. Mukapanda kuikumbutsa, pansi pa nkhani pamayamba kuoneka ndemanga kapena tsiku la nkhani ina, ndipo munthu sangaganize msanga kuti gwero lake ndi shortcode.

Vuto lachitatu, la chiwerengero, lingachokere m'malo angapo, ndipo ndiyamba ndi amene ndimawapeza kawirikawiri. WordPress imasandutsa mayina onse a ma attribute, mawu owonjezera amene mumalemba m'kati mwa mabulaketi, kukhala a zilembo zazing'ono isanawapereke kwa function. Mukalemba [zochitika Chiwerengero="3"] pa tsamba, palibe vuto, function ilandira `chiwerengero`. Koma ngati mu code munalemba `Chiwerengero` kapena `chiwerengeroChake` ndi chilembo chachikulu, dzinalo silidzakumana ndi limene lafika, ndipo `shortcode_atts` imataya mwakachetechete dzina lililonse limene silili pa mndandanda umene munaipatsa. Mu code, lembani mayinawa ndi zilembo zazing'ono zokhazokha.

China ndi mitengero, zizindikiro zogwirira mawu zija. Mukalemba shortcode mu pulogalamu ngati Microsoft Word n'kukopera pa tsamba, mitengero yowongoka imasanduka yopindika. Ndi maso kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, koma kwa WordPress yopindikayo si mitengero, ndi zilembo wamba. Function imalandira 3 atazingidwa ndi zizindikiro, `absint` imalephera kupezamo nambala n'kubweza 0, ndipo `WP_Query` ikapatsidwa 0 imabwerera ku chiwerengero cha mu Settings, chimene chimakhala 10 ngati simunachisinthe. Fufutani shortcode yonseyo n'kuilembanso ndi manja mu block ya Shortcode. Onaninso ngati nambalayo ikufikadi pa `posts_per_page`. Ngati pamenepo munalembapo -1, ndiye kuti mwauza WordPress kuti ibweretse zonse, kaya pa tsamba palembedwa chiyani.

Apa ndikufuna ndikupatseni kafufuzidwe kamene kadzakuthandizeni ngakhale pa mavuto amene sitinawatchule, kuti musamangolota. Tsegulani wp-config.php, ndipo pamwamba pa mzere umene umanena kuti musiye kusintha, ikani izi:

```php
define( 'WP_DEBUG', true );
define( 'WP_DEBUG_LOG', true );
define( 'WP_DEBUG_DISPLAY', false );
```

Ngati mzere wa `WP_DEBUG` ulipo kale, ingosinthani womwewo. Mukatero, zolakwika zonse za PHP zizilembedwa mu wp-content/debug.log popanda alendo kuziona pa tsamba. Kenako, koyambirira kwenikweni kwa function yanu, ikani `return 'NDAFIKA';` n'kutsegula tsamba. Mawuwo akaoneka pamalo oyenera, kaundula ali bwino, sefa ili bwino, ndipo vuto lili m'munsi mwa mzere umenewo. Usuntheni pang'onopang'ono kutsika nawo mpaka mufike pamene zinthu zikusokonekera. Mukafuna kuona zimene function yalandira, lembani `error_log( print_r( $atts, true ) );` n'kukawerenga mu debug.log. Mitengero yopindika ija imaonekera poyera mmenemo. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: sinthani chinthu chimodzi, onani zotsatira, kenako sinthani china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi n'kuona kuti zatheka, simudziwa chimene chachiza.

Ndipo musanakhulupirire kuti kusintha kwanu sikunagwire, chotsani cache, makope a masamba amene amasungidwa kuti azitseguka msanga. Plugin ya cache, seva, ngakhale browser yanu, zonsezi zikhoza kumakuonetsani tsamba ladzulo.

Tsiku lina mudzaona mabulaketi osasinthika pamene plugin yanu ili yoyaka bwinobwino. Pamenepo funsani kuti mawuwo mwawaika pati, chifukwa si malo onse amene amadutsa pa `do_shortcode`. Widget ya Text inayamba kuwerenga ma shortcode pa version 4.9 mu 2017, koma ya Custom HTML siwerenga payokha. Zimene mwatenga mu custom field ndi `get_post_meta` zimabwera zosasefedwa, ndipo muyenera kuzidutsitsa nokha pa `do_shortcode`. M'fayilo ya template ya PHP, kulemba mabulaketi pakati pa HTML sikuchita kanthu; pamafunika `echo do_shortcode( '[zochitika]' );`, ndipo apa pokha `echo` ndi yoyenera poti muli kunja kwa function ya shortcode. Excerpt, chidule cha nkhani, imene WordPress imadzipangira yokha imachotseratu ma shortcode, choncho pamenepo simuona mabulaketi kapena mndandanda. Nthawi zina kusinthako kumachokera ku WordPress yeniyeniyo: mu May 2023, version 6.2.1 inaletsa ma shortcode m'ma template a block theme pa zifukwa za chitetezo, mawebusaiti ambiri anasokonekera, ndipo patangopita masiku ochepa 6.2.2 inawabwezeretsa. N'chifukwa chake funso langa loyamba kwa aliyense limakhala lakuti, chasintha n'chiyani kuyambira tsiku limene zinali bwino?

Mukadzayamba kulemba ma shortcode otsegula ndi kutseka, monga [bokosi]mawu ena[/bokosi], mudzakumana ndi zina ziwiri. Sefa ya `wpautop`, imene imaika ndime, imagwira ntchito pa priority 10, pamene `do_shortcode` imabwera pambuyo pake, pa 11. Choncho mawu a m'kati amafika kwa inu ataikidwa kale `<p>` ndi `<br>`, nthawi zina zoduka pakati, ndipo pa tsamba pamaoneka mipata yosadziwika bwino. Njira yosavuta ndi kusadumpha mzere pambuyo pa bulaketi lotsegulira kapena patsogolo pa lotsekera. Pa intaneti mupeza malangizo akuti muzimitse `wpautop` yonse. Musatero, mudzawononga ndime za nkhani zina zonse pofuna kukonza bokosi limodzi. Chachiwiri, shortcode imene ili m'kati mwa inzake siwerengedwa pokhapokha function yakunjayo itadutsitsa `$content` pa `do_shortcode`, ndipo ngakhale mutatero, shortcode singakhale m'kati mwa ina ya dzina lomwelo.

Pali chinthu chimene simunafunse koma sindingachisiye. Mwaona `esc_html`, `esc_url` ndi `absint` mu code yanga. Si zokongoletsa. Aliyense amene ali ndi chilolezo cholemba nkhani pa webusaiti, ngakhale wa udindo wa Contributor, akhoza kulemba shortcode yanu n'kuika chilichonse mu attribute. Ngati function imatulutsa zimenezo mmene zabwerera, munthu woipa mtima akhoza kulowetsa JavaScript imene idzagwire ntchito mu browser ya admin akamaona nkhaniyo. Chilichonse chochokera mu `$atts` chizidutsa pa `esc_html` ngati ndi mawu, `esc_attr` ngati chikulowa mu attribute ya HTML, `esc_url` ngati ndi link, ndi `absint` ngati ndi nambala. Zolowereni zimenezi panopa pamene mukuyamba kumene.

Pokonza zonsezi, n'kutheka kuti muiwala semicolon penapake, webusaiti n'kungoonetsa uthenga wakuti pachitika critical error. Mtima m'malo. Kuyambira pa version 5.2 ya mu 2019, WordPress imatumiza imelo kwa admin yokhala ndi link yolowera mu recovery mode, ndipo imatchula fayilo ndi mzere pamene palakwika. Imeloyo ikapanda kufika, lowani pa SFTP kapena pa File Manager ya kampani yokusungirani webusaiti, sinthani dzina la fayilo kapena foda ya plugin yanu, ndipo webusaiti idzuka. Apanso plugin yaposa functions.php: mumazimitsa shortcode yokhayo, theme osaikhudza. Ngati code ina munaitenga m'maphunziro akale, yang'aniraninso version ya PHP imene seva yanu ikugwiritsa ntchito. PHP 8.0 ya mu November 2020 inachotsa `create_function`, imene ma code akale ambiri ankaigwiritsa ntchito, ndipo zolakwika zambiri zimene kale zinkangobweretsa chenjezo tsopano zimaimitsa tsamba lonse.

Ndiye inu yambani ndi kusunga backup ya mafayilo ndi database, ndipo ngati n'kotheka yesererani pa kope la webusaiti, osati pa imene anthu akuwerenga. Samutsirani code mu plugin, chotsani yakale mu functions.php, sinthani `echo` iliyonse kukhala `return`, lembaninso shortcode pa tsamba ndi manja. Zikapanda kutheka, nditumizireni mizere yomaliza ya debug.log pamodzi ndi function yonse, koma osati wp-config.php, poti muli password ya database. Zikatheka, bwezerani `WP_DEBUG` pa `false` ndipo mufufute debug.log, chifukwa pa maseva ambiri fayilo imeneyi imatseguka kwa aliyense wodziwa adiresi yake.